Sewero lathu lakakamira ku Lusaka, tilowere khomo liti?

Muli bwanji nonse abale? Ndife kagulu ka zisudzo zoseketsa kuno ku Kapata, mu Chipata, ndipo tinalembetsa kale ku National Arts Council, bungwe loona za luso muno mu Zambia. Tinajambula magawo atatu a sewero la Chinyanja, lililonse la mphindi 25, n'kutumiza ku nyumba ina ya kanema ku Lusaka. Mpaka lero kuli zii. Imelo tinalemba, foni tinaimba, mnzathu anakafika pa ofesi pawo, anangomuuza kuti adzatiitana.

Anthu akuti kumeneko amasankhana pachibale, n'chifukwa chake nkhope n'zomwezomwezo. Ena akuti Chinyanja chathu n'chozama kwa anthu a m'tauni, koma ine ndikuona ngati n'chonamizira chabe.

Alipo amene sewero lake linadutsa popanda womudziwa? Munapereka kwa ndani, a kanema kapena kampani yojambula? Nanga nkhani yathu tingaiteteze bwanji kuti asatibere? Chonde tithandizeni.