Test ya update ikukana, nambala yakale sikuchoka

Wa ku Joni: Moni nonse. Abwana andipatsa ntchito yolemba ma test a update pa Rails (chida chopangira mawebusayiti cha Ruby), fomu yosinthira nambala ya foni ya kasitomala. Ndikatumiza patch ikubweza redirect bwinobwino, koma ndikafunsa customer.phone ikundipatsabe nambala yakale. Chavuta n'chiyani?

Achimwene a ku Leeds: Mphwanga, customer uli nayeyo ndi uja unamupanga koyambirira kwa test, za mu database sakuzidziwa. Lemba customer.reload kaye, kenako ufunse phone.

Wa ku Joni: Ndaika achimwene, koma idakali yomweyo.

Achemwali a ku Dublin: Ndiye onani permit mu controller, mndandanda wa zomwe fomu ikuloledwa kusintha. Ngati phone mulibemo, Rails imangoitaya osanena kanthu, n'kubweza redirect ngati zonse zili bwino. Mu config/environments/test.rb ikani config.action_controller.action_on_unpermitted_parameters = :raise kuti izikuwa pompopompo.

Wa ku Joni: Eee achemwali, munalibedi! Tsopano yadutsa. Zikomo kwambiri.

Achimwene a ku Leeds: Usatseke laputopu msanga. Tumizanso nambala yoti validation iikane, test itsimikize kuti yabwera status ya 422 (yosonyeza kuti zotumizidwazo zakanidwa) ndipo ukapanga reload yakale ija ilipobe. Kuyambira Rails 7 mafomu amadzera pa Turbo, chida chowatumiza popanda kutsegulanso tsamba lonse, ndipo controller ikabweza 200 (kutanthauza kuti zonse zili bwino) pomwe zalephera, kasitomala saona uthenga wa cholakwika. Amangodina batani mpaka kutopa.

Mdala wa ku Cape Town: Ana inu mwasiya chachikulu. Lowani ngati munthu wina ndi sign_in ya Devise (gem yoyang'anira za login), mutumize patch pa id ya kasitomala amene si wake. Ikasintha, ndiye kuti aliyense wodziwa kusintha id pa URL angathe kulemba m'zinthu za mnzake. Kuno POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, inayamba kuluma pa 1 July 2021, makampani saseka nazo zimenezi. Ine PR (pull request, pempho loti code ilowetsedwe) yopanda test imeneyi sindiivomereza, ngakhale wolembayo akhale wakwathu.

Achemwali a ku Dublin: Zoona bambo, kunonso GDPR, lamulo la ku Ulaya lofanana nalo, ndi chimodzimodzi. China, mukapeza maphunziro akale pa intaneti olemba put :update ndi assigns, asiyeni. PATCH inabwera ndi Rails 4 mu 2013, ndipo assigns anaichotsa mu Rails 5, imafuna gem ya rails-controller-testing. Lembani request spec basi.

Wa ku Joni: Nanga pa munthu winayo ndiyembekezere 403 (waletsedwa) kapena 404 (sizinapezeke)?

Mdala wa ku Cape Town: Zitengera controller yanu. Ngati imafufuza ndi current_user.customers.find, ndi 404. Komabe pangani reload muone nambalayo, status yokha isakunamizeni.