Pulogalamu yanga sikutsegula fayilo yodinidwa kawiri pa Mac

Wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndikulemba pulogalamu ya Qt (zida zolembera mapulogalamu oyenda pa makina osiyanasiyana) yosungira malikisi a ophunzira pasukulu ina kuno ku Lilongwe. Pa Windows, mphunzitsi akadina kawiri fayilo ya malikisi imatseguka bwinobwino, koma pa Mac ya ahedi pulogalamu imadzuka yopanda kanthu, ngakhale kuti monsemo ndimawerenga dzina la fayilo mu argv, mndandanda wa mawu amene pulogalamu imapatsidwa ikamadzuka. Kodi vuto lagona pati?

Wa ku Kawale:
Achimwene, makina awiriwa sapereka fayilo kwa pulogalamu m'njira yofanana. Windows imaona mathero a dzina la fayilo, n'kukafufuza mu registry (kaundula wa makonzedwe a Windows) lamulo lolembedwa pa shell\open\command, ndipo pamene pali %1 imaikapo malo amene fayiloyo ili. N'chifukwa chake mumaipeza mu argv. Pa macOS, Finder (yoonetsa mafayilo) imadzutsa pulogalamu kudzera mu Launch Services (gawo la macOS lodzutsa mapulogalamu), kenako n'kuitumizira uthenga wa Apple Event wotchula chikalatacho, ndipo Qt imaupereka kwa inu ngati QFileOpenEvent. Uthengawu muulandire mu event() ya QApplication, ndipo mtundu wa fayilo yanu muulembe pa CFBundleDocumentTypes mu Info.plist, fayilo yofotokozera macOS za pulogalamu yanu. Uthengawo ukhoza kufika zenera lalikulu lisanakonzeke, choncho sungani kaye dzinalo, mutsegule zenera likaoneka.

Wa ku Area 47:
Bambo a ku Kawale afotokoza bwino, koma ine chimene chikundidetsa nkhawa ndi Windows yomwe mukuti ikuyenda bwinoyo. Kumeneko munthu akadina kawiri, kawirikawiri pamadzuka pulogalamu yatsopano ngakhale ina ili kale yotsegula, ndipo ziwirizo zikasunga fayilo imodzi, yomaliza imafafaniza zimene inalemba yoyamba. Pa malikisi a ana, chimenecho sichinthu chochitengera mopepuka. Yoyamba izimvetsera ndi QLocalServer (chida cha Qt cholandirira mauthenga a pulogalamu ina pa kompyuta yomweyo), ndipo yachiwiri ikadzuka iziipatsira dzina la fayilo kudzera mu QLocalSocket n'kudzitseka yokha. Pa Mac vutoli silimaoneka chifukwa uthenga umapita kwa pulogalamu imene ikuyenda kale.

Onetsetsaninso kuti mu registry mwalemba "%1" m'zizindikiro zake za mawu ogwidwa, apo ayi dzina ngati Malikisi Fomu 2 lidzafika loduka patatu.

Wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri mayi a ku Area 47, komanso bambo a ku Kawale. Makompyuta ena pasukulupo ali ndi Ubuntu (mtundu wa Linux), kumenekonso n'chimodzimodzi?

Wa ku Kawale:
Kumeneko dzina limabwera mu argv monga pa Windows. Mulembetse mtundu wa fayilo yanu mu shared-mime-info, kenako mu fayilo ya .desktop muike MimeType yomweyo pamodzi ndi %f pa mzere wa Exec.