Kodi mwambi woti "madzi saiwala khwawa" umagwira pa malire a mayiko?

Wakukasiya

Ndabwera ndi funso kwa inu amene munakulira pamapazi a akuluakulu. Mng'ono wanga amene akuphunzira ku China atabwera kutchuthi ankatifotokozera za Hong Kong, kuti Angerezi analanda chilumbacho mu 1842 atagonjetsa ufumu wa Qing, umene unkalamulira China, pankhondo, ndipo mu 1898 anabwerekanso dera loyandikana nacho kwa zaka 99, mpaka zonse zinabwezedwa ku China pa 1 Julayi 1997. Pomaliza anati madzi saiwala khwawa. Amalume anamudula pakamwa, nati mwambiwo sukamba za nthaka koma za khalidwe la munthu, ndipo kuuika pa malire a mayiko n'kuusambula. Kodi analondola ndani?

Nachisale

Achimwene, agogo anga aakazi ankaunena mwambi umenewu akaona munthu amene analumbira kutchalitchi kuti wasiya kachasu akudzandiranso madzulo. Ankaunena motsitsa mawu, akupukusa mutu, ndipo sindinawamvepo akuunena pa chinthu chosangalatsa. Amalume anuwo sanalakwe.

Mphunzitsi Wopuma

Mayi Nachisale, agogo anu anaugwiritsa ntchito pa zimene zinali pamaso pawo, koma mwambi suthera pabwalo la mowa. Mnyamatayo waganiza bwino. Ufumu wa Han utagwa mu 220, dziko la China linagawikana m'maufumu olimbana, ndipo ngakhale linagwirizanako kwa kanthawi, linadzakhazikika pansi pa mfumu imodzi mu 589, m'nthawi ya a Sui. Macau inakhala m'manja mwa Apwitikizi zaka zoposa 400 koma inabwerera ku China mu 1999, ndipo Okinawa, imene Amereka anailamulira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, inabwezedwa ku Japan mu 1972. Madzi akhoza kutchingidwa, koma tsiku lina amapeza njira yawo yakale.

Mdzukulu wa Gomani

Bambo aphunzitsi, ndi ulemu wonse, khwawa lakalelo ndi liti, ndipo amaliloza ndani? Okinawa mwatchulayo inali ufumu wa Ryukyu, wokhala ndi mafumu ake ku Shuri, umene Japan inaumeza mu 1879. Ngati madzi saiwaladi, bwenzi atabwerera kwa mafumu amenewo osati ku Tokyo. Taonaninso ufumu wa Goguryeo, umene unkalamulira kumpoto kwa Korea pamodzi ndi dera lalikulu la Manchuria, kumpoto chakum'mawa kwa China, mpaka unagonjetsedwa ndi ufumu wa Tang wa ku China ndi wa Silla wa ku Korea mu 668. Mwala waukulu wachikumbutso wa mfumu yawo Gwanggaeto, umene unaimikidwa mu 414, lero uli ku Ji'an, mkati mwa China. Anthu a ku Korea amati ufumuwo ndi wa makolo awo, pamene akatswiri ena a ku China anayamba kuulemba ngati mbali ya mbiri ya dziko lawo, ndipo nkhaniyi inautsa mkangano pakati pa Seoul ndi Beijing mu 2004. Mbali zonse ziwiri zikhoza kuunena mwambi wathuwu molimba mtima, zomwe zikusonyeza kuti pa nkhani ya malire sugamula kanthu.

Mphunzitsi Wopuma

Mwanawe, wawerenga ndithu, koma wasankha zokukomera. Korea yomweyo inagwirizanitsidwa ndi mafumu a Goryeo mu 936 ndipo inakhala dziko limodzi zaka zoposa 1,000, kufikira pamene Amereka ndi Soviet Union anaidula pakati mu 1945. Kodi zaka zochepa zimene zapitazi zingafafanize zaka 1,000? Ine ndikuti madziwo akadali m'njira.

Namaseko

Popeza nonse mwakakamira madzi, tiyeni tifunse mtsinje wa ku China komweko. Huang He, umene umatchedwa ndi dzina la mtundu wa matope ake achikasu, umasenza dothi lochuluka kwambiri moti pansi pake pamakwera chaka ndi chaka, ndipo m'madera ena umayenda pamwamba kuposa minda, utagwidwa ndi zipupa za dothi zokha. Kwa zaka mazana angapo unkathira m'nyanja kumwera kwa Shandong, koma mu 1855 unaswa zipupazo n'kukatulukira kumpoto, kutali kwambiri ndi matsiriro ake akale. Mu 1938 asilikali a Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa China panthawiyo, anagumula dala zipupa pa Huayuankou pofuna kutsekereza asilikali a Japan, ndipo anthu miyandamiyanda anafa ndi chigumula komanso njala. Mtsinjewo sunabwerere wokha, koma anthu ndiwo anaubweza mu 1947 atatseka pogumukapo. Agogo anga ankaunena mwambiwu potiletsa kumanga nyumba m'khwawa louma, ndipo ankanena za madzi enieni a mvula.

Mphunzitsi Wopuma

Mayi Namaseko, mwandithandiza osadziwa. Anthuwo anaubwezera kuti mtsinjewo, ngati si m'njira imene unali kale?

Nachisale

Chimene chikundidandaulitsa ine n'chakuti ana a masiku ano amatola mwambi ngati chokometsera nkhani, osaumva kulemera kwake. Amauponya pamapeto pa chiganizo kuti aoneke ozama, theka la mawu ali m'Chingerezi, ndipo ukawafunsa kuti khwawa n'chiyani amayamba kufufuza pafoni. Mwana wa mchemwali wanga ankayesa kuti khwawa ndi khwalala.

Wakukasiya

Ndawawerengera amalume zonsezi. Iwo ati aphunzitsi ayankhe kaye za Vladivostok, dera limene ufumu wa Qing unapereka kwa Russia mu 1860 ndipo silinabwerere, komanso za Mongolia, imene inali pansi pa a Qing koma lero ndi dziko loima palokha. Mng'ono wanga wakana kusintha maganizo, ndipo akuti iyenso alemba yankho lake mawa.