M1 Garand ya madola 1,400: ndigule kapena ndisiye?

Kamba_06: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mkulu wina wa ku kalabu yathu yowombera akugulitsa M1 Garand, mfuti yakale ya asilikali a America, ya fakitale ya Springfield Armory, pa madola 1,400. Nambala ya pa receiver (chitsulo chapakati chomwe mpope umalumikizidwapo) ikusonyeza kuti ndi ya 1943, koma pampope padindidwa 1952. Thabwa lake ndi lakale, lili ndi zipsera apo ndi apo koma silinang'ambike. Akuwonjezerapo makilipi (tizitsulo tolowetsera zipolopolo mumfuti) 20. Sindikufuna yongopachika pakhoma ayi, ndikufuna ndiyambe kulowa nayo mipikisano ya mfuti zakale za asilikali. Ndigule?

Nyundo: Yadula. Siyani.

Bwande: Achimwene, musanatulutse ndalama imvani zomwe zinandigwera ine. Zaka zitatu zapitazo ndinapita ku chionetsero cha mfuti, ndinapeza bambo wina ali ndi Garand ya Winchester patebulo. Anandilumbirira kuti chitsulo chilichonse n'chochokera kufakitale, palibe chosinthidwa. Pathabwa panali chidindo chooneka bwino. Ndinapereka madola 2,100, ndalama zomwe ndinasunga chaka chathunthu. Nditapita nayo kwa mmisiri wa mfuti kuti aione ndisanawombere, anangoivula thabwa n'kundiitana. Receiver inali zidutswa ziwiri zowotcherera, chakutsogolo cha mfuti ina, chakumbuyo cha ina. Kale boma la America linkadula mfuti zotha ntchito n'kugulitsa ngati zitsulo zachabe, ndiye anthu ena ankatola zidutswazo n'kumalumikiza. Chidindo cha pathabwa nachonso chinali chabodza, chodinda dzana. Mmisiriyo anandiuza kuti ndisayerekeze kuikamo chipolopolo. Foni ya wogulitsa uja mpaka lero siilira. Mtima umandiwawabe ndikaiona pakona.

Kamba_06: Pepani kwambiri a Bwande. Koma uyu ndi munthu woti timaonana naye Loweruka lililonse, sangathawe.

Bwande: Wakuba sakhala ndi nyanga, achimwene.

Mkango_wa_Perry: Ine ndili nazo zinayi. Ziwiri za Springfield, imodzi ya Harrington & Richardson, ndi imodzi ya International Harvester, ija ya kampani yopanga mathirakitala, yopangidwira ku Evansville, Indiana. Imeneyo mukaifuna lero simungaikhudze ndi 1,400 yanuyo. Yoyamba ndinaigula madola 650 ndipo ndi yomwe ndinatenga nayo mendulo ya siliva pa mpikisano wa John C. Garand Match ku Camp Perry, Ohio. Tsiku limenelo mphepo yochokera ku nyanja ya Erie inkawomba koopsa, anthu okhala ndi mfuti zodula ankangomwaza zipolopolo paliponse, ine phee pakati pa chandamale. Mfuti ndi dzanja, anyamata.

Nyundo: Funso linali loti agule kapena ayi, madala. Za mendulo tinamva kale chaka chatha.

Mkango_wa_Perry: Ndipo mudzamvanso chaka chamawa, ikadzakhala ya golide.

Tambala_Wakuda: Aise Kamba, bwanji ukuzunzika ndi ndalama zonsezo? Gula Mosin-Nagant 91/30, mfuti ya asilikali a ku Russia. Yanga ndinagula madola 89 basi, yopangidwa ku Izhevsk mu 1942, mpaka lero ikulira bwinobwino. Inamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yomweyo, mbiri yake inayambira 1891, ndipo kuti uithyole uyenera kuchita kufuna. Chenji yotsalayo ugulire zipolopolo.

Nyundo: Madola 89 anali a nthawi ya makolo. Pita lero ukaone, akutchula 400 osachita manyazi.

Tambala_Wakuda: Ine mwezi watha ndaiona ya 300.

Mkango_wa_Perry: Mosin ndi mpini wa khasu womangirira paipi. Munthu akufunsa za Garand, inu mukumupatsa chibonga.

Tambala_Wakuda: Mpini umenewo unafika ku Berlin, madala.

NaBanda: Achimwene a Kamba, zoti receiver ndi ya 1943 pomwe mpope ndi wa 1952 zisakuopseni. Garand zambiri zili choncho. Nkhondo itatha asilikali ankabweza mfuti kumalo okonzera, amisiri n'kuzimasula zonse, kuponya zitsulo m'mabokosi, kenako n'kumanganso ndi chilichonse chomwe chinali chabwino. Panalibe woganiza za anthu osunga zinthu zakale a mtsogolo. Ndiye mukamva wina akuti yake chilichonse n'choyambirira, mufunse kawiri, chifukwa zambiri zotere ndi zochita kusonkhanitsa dala kuti mtengo ukwere. Kwa munthu wofuna mpikisano, mpope wa 1952 ungakhale mwayi, popeza mwina sunawombere zambiri ngati wa nthawi ya nkhondo.

Chofunika ndi kuyeza. Pali timageji tiwiri, kena koyezera kutha kwa mpope kukamwa, kena koyezera kukhosi komwe chipolopolo chimayambira ulendo. Ine kukamwa kukapitirira 3 kapena kukhosi kukafika 5 ndimayamba kutsitsa mtengo. Kukamwa n'kumene kumavuta kwambiri, chifukwa asilikali ankatsuka mfutiyi polowetsa ndodo yachitsulo kutsogolo, ndipo ndodoyo inkadya m'mphepete pang'onopang'ono. Mpope ukhoza kuwala ngati galasi mkati koma kukamwa kutatha, zipolopolo zimangobalalika. Muonenso ngati chitetezo cha trigger chikulimba potseka. Chikamangotsekeka mofewa ndiye kuti thabwa linaphwa, mfuti imagwedera mkati, ndipo pa mayadi 200 mudzalira. Muvule thabwa muone receiver pansi ngati pali dzimbiri lodya chitsulo kapena mzere wa kuwotcherera, monga anenera a Bwande. Wogulitsa akakana kuti muvule, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu.

Kamba_06: Zikomo kwambiri mayi, apa ndiye mwandipatsa pogwira. Magejiwo ndingawapeze kuti?

NaBanda: Funsani kukalabu kwanu komweko, pamakhala mkulu mmodzi amene ali nawo m'chikwama. Apo ayi mmisiri wa mfuti aliyense wodziwa za Garand.

Bwande: Mukanandiuza zimenezi zaka zitatu zapitazo, mayi.

Chule: Koma bwanji osangogula ku CMP? Civilian Marksmanship Program ndi amene amagulitsa Garand zochokera m'nkhokwe za boma, ena mwa iwo ali ku Anniston, Alabama, ena ku Port Clinton, Ohio. Amaziyeza okha n'kuziika m'magulu, Rack, Field, Service, choncho umadziwiratu chomwe ukugula. Yanga ya Service ndinalipira madola 750 ndipo inabwera ndi bokosi lake. 1,400 ndi kuba masana.

Nyundo: 750 inali liti? Mitengo inakwera kalekale, ndipo za Service sizipezekapezeka.

Chule: Sindikukumbuka bwino chaka, koma si kale kwambiri.

Kamba_06: A Chule, ndinaziona kale zimenezo. Amafuna ukhale nzika ya America, ukhale membala wa kalabu yogwirizana nawo, komanso usonyeze umboni woti unaphunzira kuwombera. Ziwirizo ndili nazo, koma unzika sunatuluke. Ndiye njira imeneyo kwa ine yatsekeka pakadali pano.

Chule: Ndiye dikirani unzika. Mfuti yadikira kuyambira 1943, singalephere kudikira zaka ziwiri.

Mkango_wa_Perry: Zaka ziwirizo mtengo udzakhala 1,800. Sakupanganso za nkhondo zija. Zinapangidwa 3 miliyoni zokha, ndipo tsiku lililonse zikuchepa.

NaBanda: Zinapitirira 5 miliyoni, bambo. Springfield ndi Winchester pa nkhondo yachiwiri, kenako m'ma 1950 Springfield yomweyo pamodzi ndi makampani awiri omwe inu mwatchula aja. Osawerengera zomwe Beretta ndi Breda anapanga ku Italy.

Mkango_wa_Perry: Ndimanena zabwinozabwino zokha.

Mwana_wa_Agogo: Pepani kulowerera, ine ndine watsopano pa zimenezi. Ndinamva kuti mfuti imeneyi inaphetsa asilikali ambiri chifukwa zipolopolo zikatha kilipi imadumpha n'kulira kuti ngwee, adani n'kudziwa kuti munthu alibe kanthu. N'zoona?

Nyundo: Nthano.

Chule: Mphwanga, kaime pafupi ndi anthu khumi akuwombera zipolopolo za Garand, za .30-06, nthawi imodzi, udzandiuze ngati ungamve kachitsulo kakugwa. Ndipo ngakhale mdani atamva, msilikali sakhala yekha, anzake asanu ali pambali ndi mfuti zodzaza. Kuika kilipi ina ya zipolopolo 8 ndi masekondi ochepa chabe.

Tambala_Wakuda: Koma zoti imaluma chala si nthano. Mnzanga chikhadabo chinachita kuda bii mwezi wathunthu. Mosin siluma mwini wake.

NaBanda: Imaluma amene sanaphunzitsidwe. Nthawi zambiri zimachitika mfuti ilibe kanthu, munthu akukankha chala mkati kuti atseke bolt, chitsulo chokankhira ndi kutsekera chipolopolo mumpope. Tsekerezani chogwirira cha operating rod (ndodo yaitali yokoka bolt) ndi m'mphepete mwa dzanja, chala chachikulu chituluke kaye, kenako musiye. Mukazolowera simuganizanso.

Koma a Kamba, pali china chomwe palibe wakuuzani, ndipo chimadya ndalama kuposa mfutiyo. Garand imadzikoka yokha pogwiritsa mpweya wa wonga womwe umatuluka pa kabowo pafupi ndi kukamwa n'kukankha ndodo yaitali ija. John Garand anaipanga moyenerana ndi zipolopolo za asilikali za nthawi imeneyo. Mukaikamo zipolopolo zolemera zosakira nyama zazikulu, za wonga woyaka pang'onopang'ono, ndodoyo imamenyedwa mopitirira ndipo ikhoza kupindika. Gulani zolembedwa kuti ndi za Garand, zolemera 150 grain, kapena muike chotsekera mpweya chosinthika, ngakhale muyambe mwawerenga malamulo a mpikisano ngati akuchilola. Zipolopolo zakalekale za asilikali zina zimasiya mchere mumpope, mukapanda kutsuka tsiku lomwelo mawa lake ndi dzimbiri.

Mkango_wa_Perry: Ine ndawomberapo za 180 grain kambirimbiri, palibe chinapindika.

NaBanda: Muli nazo zinayi, bambo, imodzi ikapindika mutenga ina. Mnzathuyu akugula imodzi.

Gogo_Chisale: Ana anga, ine ndinena za mtima osati za thumba. Munthu amene anapanga mfuti imeneyi anabadwira ku Quebec, anakulira m'mafakitale a nsalu, n'kudzagwira ntchito ya boma ku Springfield, Massachusetts. Pa mayeso inasankhidwa ya zipolopolo zing'onozing'ono za .276, koma mu 1932 General MacArthur, mkulu wa asilikali, anakana, akuti nkhokwe zadzaza kale ndi .30-06. Inavomerezedwa mu 1936, pamene asilikali a maiko ena ambiri anali akukokabe bolt ndi dzanja pa chipolopolo chilichonse. Inagwira ntchito ku Ulaya, kuzilumba za Pacific, ku Korea, mpaka mfuti ya M14 inadzatenga malo ake mu 1957. Garand mwiniyo sanalandire ndalama pa mfuti iliyonse yomwe inapangidwa, ankangodya malipiro ake a pamwezi. Ndikaigwira yanga, makilogalamu anayi ndi kanthu aja, ndimaganiza za mnyamata amene anainyamula m'matope asanakwanitse zaka 20. Maso anga anafooka, chandamale ndimachiona mwa chimbuuzi, koma kabowo koyang'anira ka kumbuyo kaja kamandithandizabe, ndipo ukapotokola kamodzi umadziwa kuti chipolopolo chasuntha pafupifupi inchi imodzi pa mayadi 100. Palibe mfuti ya nthawi imeneyo yomwe ndinaiona ili ndi choyang'anira chabwino chotero. Gula mwana wanga.

Tambala_Wakuda: Agogo, ulemu wanu, koma ngati nkhani ndi kulasa pakati, K31 ya ku Switzerland imaposa zonsezi ndipo ndi theka la mtengo. Ukamasula chitsulo cha kumbuyo kwa thabwa nthawi zina umapeza kapepala ka dzina la msilikali amene ankaisunga.

Nyundo: Wasiya Mosin tsopano?

Tambala_Wakuda: Ndikungomupatsa zosankha.

Chule: K31 kapena Mosin sangalowe nayo Garand Match. Zimenezo zili ndi mpikisano wake wa mfuti zakale za maiko ena. Ndipo zipolopolo za K31, za 7.5x55, uzisaka ngati mankhwala.

Kamba_06: Ine ndikufuna wa Garand womwewo. Ndinakaonerera kamodzi, mayadi 200, khumi chogona modekha, khumi chogona mofulumira, khumi choimirira. Pa zofulumirazo munthu amayamba ndi ziwiri, kilipi n'kudumpha, n'kulowetsa ya 8. Kuyambira tsiku limenelo tulo sindikuona.

Mkango_wa_Perry: Choimiriracho n'chimene chimasiyanitsa amuna ndi anyamata. Mudzandipeze ndidzakuonetseni kagwiridwe ka lamba.

NaBanda: Ndi amayi omwe, bambo.

Kamba_06: Ndalankhula naye mkulu uja. Wavomera kuti Loweruka tivule thabwa ndipo tiyeze ndi mageji pamaso pa anthu. Akuti zikapezeka bwino atsitsa kufika 1,300, koma makilipi achotsapo.

Nyundo: 1,100 ndi makilipi omwe. Apo ayi muchoke.

Mkango_wa_Perry: 1,300 ndi mphatso imeneyo. Mukaisiya mundipatse nambala yake, ikhale yachisanu.

Bwande: Mutenge tochi, achimwene. Muunike mbali zonse ziwiri za receiver, pakati penipeni, pomwe mtundu wa chitsulo umasintha. Yanga pamenepo m'pamene panali msoko.

Tambala_Wakuda: Pali amene akudziwa komwe kukupezeka zipolopolo za Mosin, za 7.62x54R, zotchipa? Zanga zatsala bokosi limodzi.