Phiri la kuseri kwa sukulu: tidzale bulugamu kapena tisamale zitsa?

Mlembi: Moni nonse. Ndalama za mitengo zakwana, ndipo amfumu atipatsa phiri lonse la kuseri kwa sukulu. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December, ndiye tigwirizane msanga. Tidzala chiyani?

Achimwene a ku Joni: Bulugamu basi. Amakula msanga, mapolo tizikagulitsa pa Boma, denga la sukulu likonzedwe.

Aphunzitsi opuma: Achimwene, kodi phiri lija mwalikwera liti? Zitsa za mitengo ya mombo ndi tsamba zili mbwee, zambiri zikuphukira. Pansi pa chitsa chilichonse pali nkhokwe. Mtengo susunga chakudya chake mofanana thupi lonse. Nayitirojeni ndi fosifolasi, zakudya za zomera zomwe zimapezekanso mu feteleza, zimachuluka m'masamba, m'timizu ting'onoting'ono ndi m'khungwa, pomwe mkati mwa thunthu muli zochepa. Ngakhale mitengo ya m'nkhalango za ku Japan ndi ku China, tsamba lisanagwe imabweza pafupifupi theka la nayitirojeni ndi fosifolasi, n'kusunga m'nthambi ndi m'mizu. Yathu imachitanso chimodzimodzi. Simuona m'mapiri a ku Namwera masamba ofiira akutuluka mu September, mvula isanagwe ndi dontho lomwe? Mphamvu imeneyo imachokera m'nkhokwe. Mbande ya m'chubu ilibe nkhokwe yotero, n'chifukwa chake zambiri zimauma mu October.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, ndamva, koma mombo mpaka tidule mapolo ndiye tonse tili kumanda.

Msungichuma: Ine nkhawa yanga ndi amayi. Nkhuni tikukatola kutali, ndiye mutiuze kuti phiri lisakhudzidwe?

Aphunzitsi opuma: Ayi mayi, dulani ndithu. Pa chitsa siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina zikhale nkhuni. Kungoti masamba, timitengo ndi makungwa zizitsala pomwepo kuti ziwole. Chotipha ndi moto wa osaka mbewa. Masamba akapsa, nayitirojeni amapita ndi utsi, potaziyamu, chakudya china cha zomera, amatsala m'phulusa, koma mvula yoyamba imalikokolera kumtsinje.

Amalume a ku Malindi: Bwanji msangu? Kwathu kuno chimanga cha pansi pa msangu chimabiriwira ngati mwathira Urea. Umagwetsa masamba nthawi ya dzinja, ndiye sutchinga dzuwa, ndipo mbuzi zimadya zipatso zake m'chilimwe.

Aphunzitsi opuma: Zoona amalume, koma msangu umafuna dothi lakuya la m'chigwa, pamiyala pathu paja uvutika. Tiudzale m'munda wa sukulu pamodzi ndi gliricidia, masamba ake tizikwirira m'mizere.

Achimwene a ku Joni: Ndiye denga lizingodontha? Ine ndinasonkha kuti tione phindu, osati kukalondera zitsa.

Msungichuma: Apa achimwene akunena zoona, ana akunyowa m'kalasi. Bulugamu adzalidwe chigawo chimodzi chakumunsi, koma kutali ndi chitsime, chifukwa amamwa madzi kwambiri. Ndalama zina tilembe anyamata olambula njira zotchinga moto mu June.

Achimwene a ku Joni: Chigawo chachikulu bwanji? Musandipatse kamalo ngati mphasa.

Mlembi: Loweruka m'mawa amene muli kumudzi tikumane pa sukulu, tikawerenge zitsa zamoyo ndi kuyeza malo. Aphunzitsi, mudzanyamule chingwe chija. Zithunzi tiika pano, ndiye tivota Lamlungu madzulo.