Mayi anga ali ndi shuga, akupita ku Joni pa basi: tikonzekere bwanji?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Abale pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mayi anga azaka 62 akupita ku Joni mwezi wa Okutobala kukasamalira mng'ono wanga yemwe watsala pang'ono kuchira. Amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo, komanso amamwa mapiritsi a shuga a metformin. Ya ndege tilibe, ndiye akwera basi yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. Chikundisowetsa tulo ndi kutentha kwa ku Tete. Kunyumba kuno botolo limakhala mufiriji, magetsi akathima timaliika pafupi ndi mtsuko wa madzi. Nanga m'basi pafupifupi masiku awiri? Ndipo pa boda sakawavutitsa chifukwa cha majakisoni?

Bambo a Chikondi, Ndirande:
Achemwali, insulini isapite kubuti kapena mutirela. Kumeneko masana ndi ng'anjo, ndipo chikwama mumachionanso mukafika. Ine ndimakulunga botolo m'kansalu konyowa, ndikuliika mufulasiki yaikulu kukamwa, fulasikiyo pamiyendo panga. Pawindo pomwe pakuwomba dzuwa ayi.

Anaphiri:
Ndikutsatira, apongozi anga nawonso vuto ndi lomweli.

Aunt Mercy, namwino wopuma ntchito:
Mwanawe, botolo losatsegula limafuna firiji, madigiri 2 mpaka 8. Lomwe ayamba kugwiritsa ntchito limakhala bwino pafupifupi masiku 28 bola kutentha kusapyole madigiri 30, ndiye fulasiki ya a bambo a Chikondiyo ndi yokwanira. Mukaikamo ayisi asakhudze botolo, chifukwa insulini ikaundana yatha ntchito ngakhale isungunuke.

Koma ine chondiopsa si Tete, ndi nthawi yodyera. Basi siidziwa kuti mayi abaya jakisoni. Abaya 6 koloko poganiza kuti aima posachedwa, kenako mzere wa pa Beitbridge wawagwira maola angapo ali chiimire, m'mimba mulibe kanthu. Shuga amatsikira pomwepo. Choncho asabaye chakudya chisanafike m'manja, ndipo chakudyacho chikhale chawochawo: buledi, mtedza, mazira owiritsa, mbatata. Akayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kuthamanga, ayeze. Makina oyezera shuga akaonetsa pansi pa 4 mmol/L, amwe madzi osungunulamo masupuni atatu a tiyi a shuga, kapena theka la botolo la Fanta (osati zolembedwa zero zija), adikire mphindi 15, ayezenso, kenako adye buledi. Makina akakhala patali asadikire kuyeza, angomwa. Maswiti akhale m'thumba la malaya, chifukwa potsika pa boda anthu amasiya zikwama m'basi.

Che Jafali, Bangwe:
Bwanji angosiya jakisoniyo masiku awiriwo, azimwa tiyi wa chamwamba? Akafika akayambiranso.

Aunt Mercy:
Ayi achimwene, zimenezo musawauze. Munthu wokhala malo amodzi, pakutentha, wosabaya, shuga amakwera mpaka kumugoneka m'chipatala cha dziko la eni. Kuchepetsa kapena kusintha mlingo akalankhule ndi dokotala wawo asananyamuke.

Mai Gondwe, wa geni ya ku Joni:
Za pa boda musade nkhawa, njirayi ndimaiyenda. Pitani ku kiliniki yawo ya shuga, kaya ndi ku Queens, akulembereni kalata ya Chingerezi yachidindo yonena mankhwala, majakisoni ndi makina oyezera. Buku lakuchipatala litsagane ndi pasipoti. Mankhwala akhale m'mabokosi ake, ndipo anyamule opitirira masiku omwe akakhale, ena m'chikwama cham'manja ena m'kachikwama kena. Wotchi sasintha, nthawi ya Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ndi imodzi.

China chomwe ndimachiona: azimayi akuluakulu amadzimana madzi poopa chimbudzi. Wa shuga asatero. Nsapato avale zotakasuka ndi masokosi, mapazi amatupa, ndipo chilonda cha nsapato yothina kwa iwowa sichipola msanga. Basi ikaima azitsika kuwongola miyendo.

Nachisale:
Zikomo nonse. Aunt, nanga shuga atawatsikira ali mtulo usiku? Akuyenda okha.

Aunt Mercy:
Ayeze asanagone, akaona ali chakumunsi adyeko kaye. Ndipo pokawakweza, inuyo muuze kondakitala ndi wokhala nawo mpando kuti mayiwa akayamba kubwebweta ngati oledzera awapatse chotsekemera. Akakomoka asawathire kanthu kukamwa, angatsamwidwe. Awagoneke chammbali, basi ithamangire chipatala chapafupi.