Thandizeni, mbiri ya malemu bambo anga ndiilembe bwanji?

Abale anga ndithandizeniko maganizo. Bambo anga anatisiya mwezi wathawu ndipo kubanja asankha ineyo kuti ndilembe mbiri yawo yoti ikawerengedwe pa mwambo wowakumbukira, koma ndikangogwira bolopeni mutu ukumangoima.

Vuto ndi loti bambo sanali munthu wa maudindo ayi. Anali kalipentala m'katauni kakang'ono, moyo wawo wonse kulawirira m'mamawa kupita ku shedi, kubwerako madzulo thupi lonse utuchi wokhawokha, ndipo ndi ntchito yomweyo anatilipirira fizi tonse mpaka ana a malemu achimwene awo analeranso ndi iwowo osadandaula olo tsiku limodzi. Ndikalemba zimenezi zikungokwana mizere itatu basi, chonsecho munthuyu anachita zambiri. Zoti anabadwa liti, anakwatira liti ndalemba kale koma zikumveka ngati fomu ya ku ofesi.

Ndiye inu amene munalembapo, mumayikamo tinkhani ting'onoting'ono ngati zoti ankakonzera zitseko anthu okalamba osalandira kanthu, kapena zimenezo nzongocheza pabanja? Nanga zofooka zawo? Bambo anali aukali ndithu, mawu oti ndimakukondani sanatulukepo pakamwa pawo, achemwali anga akuti zimenezo ndisatchule koma ine ndikuona kuti tikabisa zonse ndiye tikhala tikukamba za munthu wina, osati iwowo.

Komanso ikhale yaitali bwanji kuti anthu asatope, mphindi 5 zikwana? Ndipo amene munawerengapo nokha pagulu, munatani kuti musalire pakatikati? Ine mtima wanga ndi wofewa heve.